Tifunseni: Mtolankhani ndi bulogu yake

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mabulogu, masamba a pa intaneti omwe munthu amatulutsirapo nkhani zake yekha. Tasankhapo angapo, ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawasunga.

FUNSO: A Mkonzi, ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a utolankhani. Aphunzitsi athu akuti aliyense atsegule bulogu, koma anzanga akuti zimenezo n'zachikale, masiku ano anthu ali pa Facebook, X ndi TikTok. Kodi si kutaya nthawi? — Wophunzira utolankhani

YANKHO: Anzanuwo sakunama, khamu la anthu lilidi kumeneko. Komabe mverani aphunzitsi anu. Zomwe mwalemba pa Facebook Lolemba, pofika Lachisanu zakwiririka kale, ndipo wofufuza pa Google sazipeza msanga. Nkhani ya pa bulogu imakhala ndi adiresi yakeyake yosasintha, tsiku lomwe inatuluka, komanso malinki opita ku zikalata zomwe mwatengamo mfundo. Pakatha zaka zitatu, nduna ikayamba kukana zomwe inalonjeza, inu mumangotulutsa linki.

Kumene bulogu imaposa nyuzipepala ndi pa nkhani zoyenda pang'onopang'ono, zomwe nyuzipepala imalemba kamodzi n'kuziiwala. Kumayambiriro kwa 2007, bulogu ya Talking Points Memo ya Josh Marshall ku America inaona kuti akuluakulu oimira boma pa milandu akuchotsedwa ntchito m'madera osiyanasiyana. Nyuzipepala ya dera lililonse inkangolemba za munthu wa kwawoko. Marshall anapempha awerengi ake kuti azimutumizira nkhani zoterozo, iye n'kumaziika pamodzi tsiku ndi tsiku mpaka zinaonekeratu kuti sizikuchitika mwangozi. Unduna wa zachilungamo utatulutsa zikalata za masamba pafupifupi 3,000, awerengi omwewo anagawana ntchito yoziwerenga. Mkulu wa undunawo, Alberto Gonzales, anatula pansi udindo chaka chomwecho, ndipo mu 2008 Marshall analandira mphotho ya George Polk. Sinali nkhani imodzi yaikulu ayi. Tinali tinkhani tatifupi tambirimbiri, kalikonse kolozera ku kam'mbuyo.

Musaiwalenso kuti masamba a mchezo ali ndi eni ake. Mu Ogasiti 2023 kampani ya Meta inatsekereza nkhani za nyumba zofalitsa nkhani pa Facebook ndi Instagram ku Canada, pokana lamulo latsopano loti izizilipira. Amene ankadalira Facebook pofikira awerengi anatsala manja ali m'khosi. Ngakhale webusayiti ya abwana anu ikhoza kuzima: pa 2 Novembala 2017 mwini wa DNAinfo ndi Gothamist, masamba a nkhani a ku America, anawatseka mwadzidzidzi, ndipo kwa kanthawi atolankhani ake sankatha kupeza nkhani zomwe analemba kwa zaka zambiri, pa nthawi yomwe ankazifuna kuti akafunsire ntchito kwina. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Facebook ndi X zikhale zoitanira anthu, nkhani yeniyeniyo izikhala kwanu, ndipo iliyonse yomwe yatuluka kwina muzisunga kope lake la PDF.

FUNSO: Ndikufuna kuyamba, koma ena akuti Blogger, ena WordPress, ena Substack. Ndisankhe chiti, nanga pali chofunika kugula? — Mtolankhani wa pa wailesi

YANKHO: Chofunika kugula n'chimodzi: domain, dzina lija anthu amalemba pofuna kufika pa tsamba lanu. Muilembetse m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya munthu amene akukukonzerani webusayiti. Ambiri atayira mabulogu awo pamenepa, chifukwa mukayambana naye kapena akangosowa, mwini wa adiresiyo m'mabuku amakhala iyeyo. Domain imalipiridwa chaka ndi chaka. Tsiku likadutsa osalipira, tsamba limazima. Pa .com amakudikiraniko pang'ono, kenako pamabwera masiku 30 oti muiwombole pa mtengo wokwera kwambiri, kenako imagwera aliyense, ndipo alipo anthu omwe ntchito yawo n'kubisalira mayina oterewa. Tcherani kuti izilipirika yokha, ndipo khadi la ku banki likatha nthawi yake muikepo latsopano.

Malo olemberawo musataye nawo tulo. Blogger, yomwe Google inagula mu 2003, ndi yaulere ndipo imalola kulumikiza domain yanu popanda malipiro ena. WordPress ilipo mitundu iwiri. Pa WordPress.com amakusungirani zonse, koma gawo laulere limaika malonda awo pa tsamba lanu ndipo silola ma plugin anu, timapulogalamu towonjezera zomwe tsamba lingachite. Pulogalamu ya pa WordPress.org ndi yaulere, koma mumalipira malo pa seva, kompyuta yosungira tsamba lanu pa intaneti, ndipo chitetezo chonse chili pamutu panu. Substack, yomwe inayamba mu 2017, imatumiza nkhani iliyonse ku imelo ya owerenga, ndipo mukayamba kulipiritsa imadulapo 10 peresenti. Ghost imachita zofanana popanda kudulapo, koma imafuna malipiro a mwezi kapena seva yanu.

Chilichonse chomwe mwasankha, musanafike nkhani ya khumi yesani batani la Export muone ngati nkhani zanu ndi mndandanda wa maimelo zikutuluka bwinobwino. Onetsetsaninso kuti adiresi ikuyamba ndi https. Satifiketi yake imapezeka mwaulere ku Let's Encrypt, ndipo kuyambira Julaye 2018 Chrome imachenjeza owerenga kuti tsamba lopanda https n'losatetezeka. Pomaliza lembani tsamba lofotokoza kuti ndinu ndani, mumagwira ntchito kuti, ndani amalipirira buloguyo, ndi komwe munthu angatumize dandaulo.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku nyuzipepala ina. Nthawi zina ndimalemba nkhani, mkonzi n'kuitsekera m'kabati, ndikukhulupirira chifukwa ikukhudza otsatsa malonda athu. Kodi ndingaiike pa bulogu yanga? Pamwamba pake ndinalemba kale kuti maganizo onse ndi anga, si a kampani. — Mtolankhani wokhumudwa

YANKHO: Mawu omwe munalemba pamwambawo sangakutchinjirizeni, kaya kwa abwana, kaya ku khothi. Yambani mwawerenga kalata yanu ya mgwirizano wa ntchito. M'malamulo a mayiko ambiri, zomwe munthu walemba pogwira ntchito yomwe analembedwera zimakhala za womulemba ntchitoyo, pokhapokha ngati anagwirizana zina. Nkhani yomwe mwaitola pa galimoto ya kampani, pa foni ya kampani, mukudzitchula kuti mwachokera ku nyuzipepala yakutiyakuti, ndi ya kampani ngakhale isanasindikizidwe. Ganiziraninso anthu omwe munawafunsa mafunso. Iwo anavomera kulankhula ndi nyuzipepala, osati ndi bulogu yanu.

Mwati mukukhulupirira kuti ndi otsatsa malonda. Mwina n'zoona. Koma funsani mkonzi, pa imelo, chifukwa chomwe nkhaniyo yaimira. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti umboni ukuperewera kapena loya wa kampani waikana, ndipo nkhani yomwe loya waikana ikatuluka pa bulogu yanu, ku khothi mukaima nokha. Ngati chifukwa chake ndi malonda basi, pemphani kalata yokulolani kuitulutsa kwina, muimbirenso aliyense yemwe ali m'nkhanimo kumuuza komwe ikukatuluka. Akakukanizani koma inu n'kuona kuti anthu akuyenera kuidziwa zivute zitani, dziwani kuti mukuika ntchito yanu pachiswe, ndipo kambani kaye ndi bungwe la atolankhani kapena loya. Zoitulutsa pa dzina lopeka poganiza kuti sakudziwani, iwalani. Mkonzi amadziwa kalembedwe kanu, ndipo amadziwa yemwe anali ndi zikalatazo.

Zoika pa bulogu popanda kukangana ndi abwana zilipo zambiri: macheza onse omwe nyuzipepala inangotengapo mizere itatu, lipoti lonse lomwe munalitchula, kufotokoza momwe bajeti kapena mlandu wina ukuyendera, ndi zomwe zachitika patatha miyezi 6 nkhani itatuluka. Gwirizanani ndi mkonzi zinthu zitatu, molemba: mitu yomwe mungalembe, kuti nkhani yatsopano iziyamba kutuluka m'nyuzipepala, ndi ngati mukuloledwa kulandira ndalama za malonda pa buloguyo.

FUNSO: Munthu wina wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha kalata yooneka ngati yochokera ku ofesi ya boma, yosonyeza kuti ndalama zinasokonekera. Pa bulogu ndilibe mkonzi, ndipo ndikachedwa ena ayamba ndiwo kuitulutsa. Nditani? — Wolemba bulogu ya za ndale

YANKHO: Funso lanu ndi limene lili pamtima pa nkhani yonse ya mabulogu. Ku nyuzipepala nkhani imadutsa m'manja angapo isanatuluke. Pa bulogu pakati pa inu ndi dziko lonse pali batani limodzi, choncho ntchito ya manja onsewo muigwire nokha, mwadongosolo lomwelomwelo nthawi zonse, ngakhale mtima ukuthamanga.

Yambani ndi wotumizayo. Kalatayi waitenga kuti? Anaigwira yekha kapena naye anangolandira? N'chifukwa chiyani waitumiza lero, nanga n'chifukwa chiyani kwa inu? Munthu wokwiya akhoza kukupatsani kalata yeniyeni, koma amasankha tsamba lomwe likumukomera, ndiye pemphani masamba onse. Muuzeni atumizenso ngati Document, osati ngati chithunzi. WhatsApp imachepetsa chithunzi n'kufufuta zobisika za mkati mwake, pomwe Document imafika momwe ilili, ndi tsiku lomwe inajambulidwa kapena pulogalamu yomwe inaikonza.

Kenako ikani kalatayo pambali pa makalata awiri kapena atatu enieni ochokera ku ofesi yomweyo. Yerekezerani chizindikiro cha pamwamba, kalembedwe ka nambala ya kalata, chidindo ndi siginecha. Tsegulani kalendala muone ngati tsiku lolembedwapo linali la ntchito. Fufuzani ngati wosainayo anali pa udindo umenewo tsiku limenelo, chifukwa opeka makalata amakonda kuika dzina la yemwe ali pa mpando lero pa kalata ya zaka ziwiri zapitazo. Werengetsani manambala: ngati ndalama za m'mizere sizikukwana chiwerengero cha pansi, pali vuto. Yang'aninso zilembo zenizenizo. Mu Seputembala 2004 pulogalamu ya 60 Minutes ya CBS, wailesi ya kanema ya ku America, inaonetsa makalata omwe ankati analembedwa mu 1972 ndi 1973, onena za usilikali wa George W. Bush, yemwe mu 2004 anali pulezidenti wa dzikolo. Charles Johnson wa bulogu ya Little Green Footballs analemba mawu omwewo mu Microsoft Word osasintha kalikonse, n'kusanjika kope lake pamwamba pa la CBS, ndipo zilembo zinagwerana ndendende, zomwe zinakayikitsa kuti makalatawo analembedwadi pa taipi ya m'zaka zimenezo. Pasanathe masabata awiri CBS inapepesa kuti singatsimikize makalatawo. Pamenepo olemba mabulogu ndiwo anagwira ena, koma msampha womwewo ukudikira inu.

Ponyani chithunzicho mu Google Lens ndi TinEye, zida zofufuzira komwe chithunzi chinaonekapo kale pa intaneti. Mukhoza kupeza kuti kalatayo inazungulira kale zaka zinayi zapitazo, kapena kuti ndi ya dziko lina yomwe angoisintha mutu. Ndiyeno pezani munthu wachiwiri wodziwa nkhaniyo yemwe sanaione pa WhatsApp. Anthu asanu omwe alandira kalata imodzi kuchokera ku gulu limodzi ndi mboni imodzi, osati zisanu.

Wotchulidwa m'nkhaniyo mpatseni mpata woyankha. Mulembereni mafunso omveka, chinthu chilichonse chomwe mukufuna kumunenera chikhale ndi funso lake, ndipo mutchule tsiku ndi ola lomwe mukudikira yankho. Pa nkhani yofufuza, maola 24 mpaka 48 ndi oyenera. Kuimba foni kamodzi 5 koloko madzulo n'kulemba kuti "sanapezeke kuti ayankhepo" ndi chinyengo, ndipo woweruza amachiona. Lembani m'kope nthawi ya foni iliyonse ndi uthenga uliwonse.

Mkonzi mukhoza kubwereka. Gwirizanani ndi mtolankhani mnzanu kuti muziwerengerana nkhani zoopsa zisanatuluke. Mpatseni nkhaniyo pamodzi ndi umboni, adule mzere kunsi kwa dzina lililonse, nambala iliyonse ndi tsiku lililonse, akufunseni kuti "ichi mwachitenga pati?" Chomwe simungathe kuchiloza ndi chala chichoke. Masamba a pa intaneti omwe mukuwadalira asungeni pa Wayback Machine, webusayiti yosunga makope a masamba, pogwiritsa ntchito batani lake la Save Page Now musanatumize mafunso, chifukwa mafunso akangofika, zinthu zimayamba kufufutidwa.

Zoti ena ayamba ndiwo, asiyeni ayambe. Kalata ikakhala yeniyeni, inu mudzabwera ndi yankho la ofesiyo ndi masamba omwe iwo alibe. Ndipo tsiku lomwe cholakwika chadutsa, musafufute mwakachetechete. Konzani mawuwo, lembani pamwamba tsiku ndi chomwe chasintha, adiresi ya nkhaniyo isasinthe, ndipo kukonzako mukakulengeze kulikonse komwe munagawa linkiyo.

FUNSO: Mnzanga akuti ndikalemba kuti "akuti" kapena "mphekesera zikumveka" sangandisumire. Nanga ndemanga zomwe owerenga amalemba pansi pa nkhani, mlandu wake ndi wa ndani? — Wongoyamba kumene

YANKHO: Mnzanuyo akulowetsani m'mavuto. M'mayiko otsata malamulo ochokera ku England, wobwereza mawu oipitsa mbiri ya munthu amatengedwa ngati wawanena yekha. Kusatchula dzina sikuthandizanso ngati owerenga angathe kumuzindikira munthuyo: "mkulu wina wa zachuma pa kampani yakuti" pomwe mkulu wa zachuma alipo mmodzi, mwamutchula. Zomwe zimateteza ndi izi: kuti zomwe mwalemba n'zoona ndipo muli ndi umboni woti n'kuuonetsa ku khothi, kuti ndi maganizo anu ochokera pa mfundo zoona zomwe mwazionetsa, kapena kuti mwafotokoza molondola ndi mosakondera zomwe zanenedwa m'khothi kapena m'nyumba ya malamulo. Mutu wa nkhani ndi mawu omwe mwalemba pogawa linki nawonso amawerengedwa, ndipo ambiri amagwera pamenepo: nkhani ikuti munthu akuganiziridwa, mutu ukuti waba.

Milandu yotere imatopetsa ngakhale muli olungama. Daphne Caruana Galizia wa ku Malta, yemwe ankalemba bulogu ya Running Commentary, pomwe ankaphedwa ndi bomba lotcheredwa m'galimoto yake pa 16 Okutobala 2017 anali ndi milandu yoposa 40 yomusumira kuti waipitsa mbiri za anthu.

Za ndemanga, malamulo amasiyana. Ku America gawo 230 la lamulo la 1996 limateteza mwini tsamba pa zomwe ena alemba. Kwina sizili choncho. Mu 2015 khothi la ku Europe loona za ufulu wa anthu linavomereza chilango chomwe webusayiti ya Delfi ya ku Estonia inalandira chifukwa cha ndemanga zachidani za owerenga, ndipo mu 2021 khothi lalikulu la ku Australia linagamula kuti nyumba zofalitsa nkhani zimatengedwa ngati zofalitsa ndemanga zomwe anthu alemba pa masamba awo a Facebook. Njira yosavuta ndi kutchera kuti ndemanga iliyonse izidikira chilolezo chanu isanaoneke, kutseka ndemanga pa nkhani za milandu yomwe ili m'khothi ndi zokhudza ana, komanso kutchera kuti zizitsekeka zokha nkhani ikatha masiku 14 kapena 30. Ngati mulibe nthawi yoziwerenga, zitsekeni zonse muike adiresi ya imelo.

FUNSO: Yemwe ananditsina khutu akuopa kuchotsedwa ntchito. Ndikufuna kuika zikalata zake pa bulogu kuti anthu aone umboni. Ndingamuteteze bwanji? — Mtolankhani woima payekha

YANKHO: Kubisa dzina lake m'nkhani ndi gawo laling'ono. Chomwe chimaulula anthu kawirikawiri ndi chikalata chenichenicho. Mu 2017 atolankhani a webusayiti ya nkhani ya The Intercept anatumiza ku boma la America kope la lipoti lachinsinsi kuti atsimikize ngati ndi lenileni. Ofufuza anaona kuti pepalalo linali ndi mikwingwirima yosonyeza kuti linapindidwa, kutanthauza kuti wina analisindikiza n'kutuluka nalo. Atayang'ana m'mabuku anapeza kuti omwe analisindikiza ndi anthu 6 okha. Mmodzi mwa iwo, Reality Winner, yemwe anatumiza lipotilo kwa atolankhaniwo, anamangidwa, n'kulamulidwa kukhala kundende zaka 5 ndi miyezi 3. Makina ambiri osindikizira a mitundu amasiyanso timadontho tachikasu tosaoneka ndi maso, tosonyeza nambala ya makinawo ndi nthawi. Choncho musanachite chilichonse mufunseni mnzanuyo kuti ndi anthu angati omwe anali ndi chikalatachi. Akakhala atatu, kuchiika pa bulogu ndi kumupereka. Lembaninso mawu akewo pa kompyuta yanu, mutulutse zomwe mwalembazo, ndipo pofunsa mbali inayo muziwerenga kapena kufotokoza zomwe zilimo, osatumiza kope.

Ngati n'kotheka kuchionetsa, samalani pobisa mizere. Kujambula bokosi lakuda pamwamba pa mawu mu PDF sikufufuta mawuwo, kumangowaphimba. Mu Januwale 2019 maloya a Paul Manafort, yemwe anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump, anapereka ku khothi chikalata chobisidwa motero, atolankhani n'kungokopera mizere yakudayo, kuimata pena, zonse poyera. Gwiritsani ntchito chida chenicheni cha Redact, kapena sindikizani pepalalo, dulani mizereyo ndi lumo, mulijambulenso. Mukatha yesani nokha: sankhani mawu onse m'chikalatamo, koperani, matani pa tsamba lopanda kanthu, muone chomwe chituluke.

Zithunzi za pa foni zimanyamula EXIF, momwe mumakhala mtundu wa foni, nthawi, ndipo nthawi zina malo enieni omwe munaima. Mu Disembala 2012 magazini ya Vice inatulutsa chithunzi cha John McAfee, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta yemwe ankathawa apolisi a ku Belize, ndipo manambala a GPS a m'chithunzicho anaonetsa kuti ali ku Guatemala. Musaganize kuti bulogu ikuchotserani zimenezi, chifukwa WordPress imasunga chithunzi choyambirira momwe mwachikwezera. Zichotseni ndi ExifTool, kapena pa Windows tsegulani Properties, pitani pa Details, musankhe kuchotsa zonse. Zokambirana zanu zizichitikira pa Signal, pulogalamu ya mauthenga otetezedwa, mauthenga ozimiririka okha atayatsidwa, ndipo iye asagwiritse ntchito foni, kompyuta kapena intaneti ya ku ntchito kwake.

FUNSO: Bulogu ya mnzanga inabedwa, tsopano ikutsatsa za juga. Yanga ndiiteteze bwanji? — Wowerenga wanu

YANKHO: Pa WordPress, akuba a pa intaneti amalowera makamaka pa ma plugin ndi ma theme (zopatsa tsamba maonekedwe) akale kapena otengedwa mwaulere pa masamba okayikitsa pomwe eni ake amagulitsa. Khalani ndi ochepa, chotsani omwe simukuwagwiritsa ntchito m'malo mongowazimitsa, ndipo muziwakonzanso mtundu watsopano ukangotuluka. Dzina lolowera lisakhale "admin". Pasiwedi ikhale yaitali, yosagwiritsidwa ntchito pena paliponse, ndipo yatsani chitetezo chachiwiri chofuna nambala ya pa foni. Chitetezo chomwechi chiikeninso pa imelo yanu ndi pomwe munagula domain, chifukwa wolanda imelo amatha kusintha mapasiwedi ena onse. Kope la bulogu yonse, nkhani ndi zithunzi zomwe, lizisungidwa sabata iliyonse pa malo ena osati pa seva yomweyo, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo yesani kulibwezeretsa. Ambiri amazindikira kuti kope lawo ndi lopanda kanthu tsiku lomwe akulifuna.

Kuukira kwina ndi kothira tsamba lanu alendo abodza mamiliyoni mpaka seva itakomoka. Mu Seputembala 2016 bulogu ya Brian Krebs, wolemba za umbava wa pa intaneti, inamenyedwa motere ndi mphamvu ya magigabiti pafupifupi 620 pa sekondi, mpaka kampani yomwe inkamuteteza mwaulere inamusiya. Anapulumukira ku Project Shield ya Google, yomwe imateteza masamba a nkhani popanda malipiro. Kampani ya Cloudflare ilinso ndi chitetezo chofanana chotchedwa Project Galileo. Lembetsani zinthu zili bwino, osati nkhani yoopsa itatuluka kale.

FUNSO: Ndalemba nkhani 20 koma owerenga ndi ochepa, ndipo ena akudandaula kuti tsamba limachedwa kutseguka. Ndalama zake zimayamba liti? — Wotsala pang'ono kutaya mtima

YANKHO: Kuchedwako n'kutheka ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pa foni chimalemera mamegabaiti 3 mpaka 8, ndipo mukaika zisanu, wowerenga wa pa foni amachoka tsamba lisanatseguke. Chepetsani chilichonse chikhale mapikiselo 1,200 m'lifupi ndi makilobaiti osapitirira 200. Squoosh imachita zimenezi mwaulere. Kanema ikani pa YouTube n'kungoilumikiza. Kenako yezani tsambalo pa PageSpeed Insights.

Za owerenga, onani kaye ngati nkhani 20 zija zili pa mutu umodzi. Bulogu yolemba mpira lero, ndale mawa, ndakatulo mkuja, ilibe woibwerera. Sankhani gawo limodzi lomwe mungalidziwe kuposa wina aliyense, monga makhothi, migodi kapena mitengo ya mankhwala, muzitulutsa nkhani tsiku lodziwika, ngakhale kamodzi pa sabata. Mutu wa nkhani utchule munthu, malo ndi chomwe chachitika m'zilembo pafupifupi 60, chifukwa Google imadula zotsalazo. Lembetsani bulogu pa Google Search Console kuti muziona mawu omwe anthu akulemba pokupezani. Pansi pa nkhani iliyonse ikani malo olembetsera imelo, koma osaika munthu pa mndandanda asanavomere yekha.

Ndalama za malonda a Google musaziwerengere msanga. AdSense salipira mpaka zitakwana madola 100. Tiyerekeze kuti mukupeza madola 2 pa maulendo 1,000 omwe tsamba latsegulidwa: mukufunika maulendo 50,000 kuti mulandire kamodzi. Kulipiritsa owerenga kumafuna anthu ochepa koma okhulupirika, ndipo musanalonjeze aliyense fufuzani ngati Stripe, yomwe Substack ndi Ghost zimadalira potolera ndalama, imagwira ntchito m'dziko lomwe muli, chifukwa si mayiko onse. Kwa atolankhani ambiri phindu loyamba limabwera mozungulira: mkonzi wina waona bulogu n'kuitanitsa nkhani, bungwe lopereka thandizo la kafukufuku lapeza poonera ntchito yanu, wailesi yakuitanani kuti mukafotokoze.

Kampani ikafuna kulipira kuti mulembe za iyo, lembani pamwamba penipeni kuti nkhaniyi ndi yolipiridwa, ndipo malinki ake muwaike chizindikiro cha rel="sponsored" chomwe Google inakhazikitsa mu 2019, apo ayi tsamba lanu likhoza kutsitsidwa pa zotsatira za kufufuza. Ndalama zochokera kwa anthu kapena makampani a m'gawo lomwe mumalemba zikaneni. Zithunzinso musangotola pa Google, chifukwa eni ake amatumiza kalata yolipiritsa ngakhale patapita zaka. Jambulani zanu, kapena tengani za pa Wikimedia Commons mutawerenga chilolezo cha chithunzi chilichonse: CC BY imafuna kuti mutchule wojambula, pomwe yokhala ndi NC, yomwe mungakumane nayo pa masamba ena osati pa Commons, siloledwa pa ntchito yopezera ndalama, ndipo bulogu yokhala ndi malonda ikhoza kuwerengedwa m'gulu limenelo.